Ulusi wa pa Tsaya

1. Dzanja la mwana wa telala

Dzina lakuti Kasingano anamupatsa ndi makasitomala a mayi ake. Anali mtsikana wochepa thupi, wowongoka, ndipo akagwira nsalu zala zake sizinkanjenjemera.

Mayi ake anali telala. Shopu yawo inali chipinda chakumaso cha nyumba, choyang'ana kumsewu. Munali makina osokera awiri, tebulo lodulirapo, galasi lalitali lotsamira khoma, ndi tizidutswa ta nsalu pansi tomwe sitinkatha ngakhale usese kangati.

Akaweruka kusukulu, ntchito ya Kasingano inali yomasula misoko. Wina akabweretsa siketi yothina kapena buluku lofunika kufupikitsa, mayi ake ankangomuponyera. Iye ankatenga kachitsulo kosongoka komasulira ulusi, n'kumadula, n'kumasolola. Akamaliza, sukanadziwa kuti pansalupo panadutsa singano.

"Mwana uyu ali ndi dzanja," anthu ankatero. Mawu amenewa anamulowa m'mutu, ndipo kunena zoona anamukulitsa mtima pang'ono.

Ali Fomu 3, pa tsaya lake lamanzere panamera kachotupa. Kanayamba ngati chiphuphu, koma sikanaphulike. Kanangokulirakulira mpaka kufika ngati nyemba. Tchuthi chitayamba, dokotala anati kachotsedwe.

Opaleshoni yake sinatenge nthawi. Anamubaya jakisoni wochititsa dzanzi, anang'amba, anachotsa kachotupako, anasoka, n'kumatapo pulasitala. Kasingano anatuluka m'chipindamo akuyenda yekha, ali ndi funso limodzi lokha: kodi nkhope yake idzabwerera mwakale?

2. Mawu a anesi

Asanapite kwawo, anesi anamukhazika pampando. Anali mayi wamkulu thupi, wa magalasi otsikira pamphuno, wosadziwa kulankhula monong'ona.

"Tamvera kuno, mwanawe," anatero. "Adokotala achita mbali yawo, yatsala ndi yako. Chipsera chochepa sachipanga dokotala yekha, amachipanga ndi mwini nkhope. Choyamba, manja kutali. Bala likamapola limayabwa, ndipo kuyabwako kumanyengerera. Usakande. Nkhanambo ikabwera usaimatule, idzagwa yokha. Mayi ako azikusintha pulasitala ndi manja osamba, monga ndawaonetsera.

"Ulusiwu tidzachotsa ife, sabata ikatha, tsiku limene ndakuuzali. Osati lisanafike, osatinso litapita. Pamwamba bala limaoneka ngati latseka msanga, koma mkatimu limakhala likadali laliwisi. Ulusi ndiwo ukugwira khungu kuti lilumikizane lokha.

"Tikadzachotsa ulusi tidzamatapo timapepala togwira khungu kuti lisakokeke. Bala likadzatsekeratu, pamenepo ndiye udzayambe kupakapo mafuta oyera opanda fungo, n'kumasisita pang'onopang'ono ndi chala, m'mawa ndi madzulo. Palinso mankhwala a silikoni, ena opaka, ena omata, othandiza kuti chipsera chisatukumuke. Dzuwa ndi mdani wa chipsera chatsopano, limachidetsa. Uzivala chipewa, ngakhale anzako akuseke. Chidzafiira kaye miyezi ingapo, usadzadabwe. Chaka chikamatha kadzangotsala kamzere, koti munthu akaone mpaka umulozere. Chikadzayamba kutupa ndi kulimba, bwera msanga, chili ndi majakisoni ake.

"Tsono kunjaku kuli madokotala ambiri osapita kusukulu. Wina adzati finyirapo mandimu. Wina adzati mankhwala otsukira mano. Wina adzakutulutsira kabotolo ka mafuta oyeretsa khungu. Ine ndalandira atsikana muno nkhope zitapsa chifukwa cha malangizo a pamsewu. Uziwayankha kuti zikomo, n'kupitiriza ulendo wako. Wamva?"

"Ndamva," anayankha Kasingano.

Makutu analidi pamenepo, koma maso anali pa zenera, pomwe ankadziona ndi pulasitala yoyera pa tsaya.

3. Wayilesi abwera kudzazonda

Patapita masiku owerengeka kunabwera mnzake wa m'kalasi kudzamuzonda. Mtsikanayu ankamutcha Wayilesi, chifukwa nkhani iliyonse ya pasukulu inkayambira pakamwa pake, ngakhale imene sinachitike.

Anamupeza Kasingano m'shopu, akumasula mpendero wa diresi. Mayi ake anali kuseri, akusita.

"Aise, ndione," anatero Wayilesi asanakhale n'komwe pansi.

"Anandiletsa kugwirapo."

"Ndani wati ugwirepo? Kuona basi. Maso sakanda."

Kasingano anaima pagalasi n'kumatula pulasitala mbali imodzi. Aka kanali koyamba kuliyang'anitsitsa balalo. Linali mzere wofiirira, wodutsidwa ndi timaulusi takuda, kalikonse ndi mfundo yake ndi timichira tiwiri.

"Mayo ine! Bongololo weniweni!" Wayilesi anaseka mpaka kugwira tebulo. Ataona kuti mnzake sakuseka, anatsitsa mawu. "Pepa aise. Komatu ndikuuze. Achimwene anga anawasoka pamwendo atagwa panjinga. Mpaka lero pali timadontho mbali zonse ziwiri, ndondondo. Ndi ulusi umenewu. Ukakhalitsa umadya khungu. Achipatala alibe nazo ntchito, nkhope si yawo."

M'mawu a Wayilesi munali kachoonadi pang'ono, ndipo bodza loopsa ndi lomwelo. Ulusi ukakhalitsa umasiyadi timadontho. Koma achimwene akewo anathawa tsiku lokachotsa, ulusi n'kukhala pamwendo pafupifupi mwezi wathunthu. Mbali imeneyo Wayilesi sanaiulutse.

"Ndiye sukulu tikutsegulira sabata yamawayi," anapitiriza. "Anyamata okhala kumbuyo aja akangoona timiyendo ta bongololo pa tsayapo, dzina la Kasingano latha. Ukhala Bongololo mpaka mayeso."

Kasingano anayandikitsa nkhope pagalasi, akuyang'ana mfundo imodzi ndi imodzi.

Nthawi yomweyo mayi ake analowa atanyamula zovala zositasita. Anali atamva zonse.

"Iwe Wayilesi, tatseka kaye siteshoni yakoyo," anatero. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. "Bwezera pulasitalayo. Ndakuona mmene ukuuyang'anira ulusiwo. Ukuuyang'ana ngati ntchito. Imeneyo si ntchito yako, mwanawe. Ine ndakalambira pa makina awa, koma sindinasokepo chinthu chokhala ndi magazi. Nsalu ukailakwitsa umadula ina. Nanga nkhope ukadula ina kuti?

"Dzanja uli nalo, sindikukana. Koma dzanja labwino limadziwanso pamene siliyenera kugwira. Ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Anzako akakuseka, aseka sabata imodzi, atopa, apeza wina womuseka. Koma nkhopeyo ukhala nayo mpaka imvi. Dikira tsiku limene anena achipatala. Silili kutali."

"Ine sindinanene kanthu, amayi," anatero Kasingano.

"N'chifukwa chake ndalankhula. Iwe ukakhala chete ndiye kuti wayamba kale."

4. Msoko umene sunali wake

Mawa lake masana mayi ake anapita kukagula mazipi ndi mabatani. Anamusiyira shopu, ndi mulu wa mabuluku ofunika kumasula.

Kasingano anamasula buluku limodzi. Lachiwiri analisiya pakati. Tsaya linkayabwa, ndipo dzina lakuti Bongololo linkalira m'makutu mwake. Mantha ake anali oti tsiku lililonse limene ulusi ukugona pakhungu, timadontho tikuzama.

Anatseka chitseko cha kumsewu. Anasamba m'manja ndi sopo. Anatenga kachitsulo kake komasulira ulusi n'kukapukuta ndi sipiriti, mbali zonse. Pochita zonsezi ankadziona ngati munthu wosamala kwambiri.

Anamatula pulasitala. Balalo linali louma, lotseka bwinobwino. Analikhudza ndi chala. Silinatuluke kanthu.

"Lapola kale ili," anatero yekha. "Akungofuna tizipita ndi kubwera."

Analowetsa nsonga ya kachitsulo pansi pa ulusi woyamba, n'kudula. Anagwira mfundo ndi zikhadabo, n'kusolola. Kunangoti tswii, kupweteka kwake ngati kulumidwa ndi nyerere. Anadikira. Palibe chinachitika.

Wachiwiri unali wophweka kuposa woyamba. Dzanja linakumbuka ntchito yake, ndipo linaigwira mwaluso, monga linkachitira pa siketi ndi pa buluku. Posakhalitsa timaulusi tonse tinali patebulo lodulira nsalu, pambali pa choko.

Anadziyang'ana pagalasi. Bongololo anali atachoka. Panangotsala kamzere kowongoka, kopyapyala. Kasingano anamwetulira mbali imodzi, anatembenuza mutu uku ndi uku, mpaka anavinako pang'ono. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Anatenga buluku lija analisiya n'kulikutumula kuti apitirize ntchito. Linali lakale, la fumbi. Fumbilo linamulowa m'mphuno. Anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anayetsemula mwamphamvu, nkhope yonse n'kukokeka.

Anamva chinthu chikuti phwe pa tsaya, kenaka kutentha kukutsikira kuchibwano.

Pagalasi, kamzere kaja kanali katayasama pakati ngati chiboo cha batani. Mkati munali mofiira, monyowa. Magazi ankadontha pa kolala ya bulauzi.

Anaponya bulukulo pansi. Anapanikiza ndi thonje mpaka magazi anasiya. Anayesa kukumanitsa mbali ziwiri za khungu, koma akangosiya zinkabwerera. Pomaliza anazikanikiza pamodzi n'kumatapo pulasitala yatsopano, yothina. Anasesa timaulusi, anachapa kolala, anatsegula chitseko.

Mayi ake pobwera anamupeza ali pa buluku lachitatu.

5. Chobisika pansi pa pulasitala

"Bwera ndikusinthe pulasitala," anatero mayi ake madzulo.

"Ndasintha kale ndekha. Inanyowa posamba."

Mayi ake anamuyang'ana, koma panali kasitomala wodikira kuyezedwa, ndiye anazisiya. Mawa lake Kasingano anawatsogoleranso: anadzuka m'mamawa, n'kumata ina. Sanayang'ane n'komwe pansi pake. Ankaopa.

Koma bala silimva zobisa. Linayamba kugunda ngati lili ndi mtima wakewake. Tsaya linatentha. Kutafuna kunavuta, ndipo anayamba kunena kuti alibe njala. Ankakhala m'shopu atatembenukira kukhoma, tsaya lodwalalo kutali ndi maso a mayi ake.

Tsiku lotsatira m'mawa, mayi ake akuyeza mayi wina m'chiuno, anamuuza kuti awapatsire choko. Kasingano anatembenuka. Diso lake lamanzere linali litachepa, tsaya litatupa mpaka kunyezimira.

Kasitomala uja ndiye anayamba kulankhula. "Kodi mwanayu walumidwa ndi njuchi?"

Mayi ake anamukokera pafupi ndi zenera n'kumatula pulasitala. Inachoka ndi mafinya. Anayang'ana balalo, anayang'ana pamene panayenera kukhala ulusi, kenaka anayang'ana kachitsulo kamene kanali patebulo.

Kasingano anayembekezera kukalipiridwa. Akanakonda atakalipiridwa. Koma mayi ake anangomugwira pachipumi, n'kumva kutentha kwa thupi.

"Vala nsapato," anatero.

Anatuluka osatseka n'komwe shopu, kasitomala ali chiimire.

6. Ndani wachita izi?

Pachipatala panali anthu ambiri pabenchi, koma anesi a magalasi aja atangoona nkhopeyo anawalowetsa. Chitseko chinatsala chotsegula. Anamugoneka Kasingano pabedi, anatsuka balalo, n'kuitana adokotala.

Adokotala anali bambo wofatsa, wosathamanga polankhula. Anayang'anitsitsa balalo nthawi yaitali.

"Musokanso?" anafunsa Kasingano, mawu akutuluka mbali imodzi ya pakamwa.

"Ayi," anayankha. "Bala lokhala ndi mafinya sitisoka. Tikatseka, titsekera matenda mkati. Tizilitsuka tsiku lililonse, uzimwa mankhwala, lipole lokha kuchokera pansi. Litenga nthawi."

"Nanga chipsera?"

"Chikhala chachikulu kuposa chimene tinakonza. Chotambalala. Zonse zimene anakuuza anesi zidzathandizabe: mafuta, kusisita, silikoni, chipewa. Chaka chikadzatha tidzaona ngati tingachikonzeko."

"Chidzatha?"

"Chidzachepa. Kutha ayi."

Kasingano anatseka maso. Misozi inatsikira m'makutu, poti anali chagada. Analira mopanda mawu, ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri sichinali bala.

Anesi anali atadzazidwa ndi mkwiyo. Anavula magulovu n'kuwaponya m'chidebe.

"Ulusi sunaduke wokha uwu," anatero. "Wachotsedwa wonse, mwadongosolo, palibe ndi kamchira komwe kotsala. Wachita izi ndi munthu wodziwa ulusi."

Maso awo anafika pa mayi a Kasingano. Mayiwo anali atathamanga mmene analili: tepi yoyezera ili m'khosi, mapini atabaya pa bulauzi, tizidutswa ta ulusi titamatirira pa siketi.

"Mayi, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine telala."

"Ehe! Ndinadziwa." Mawu a anesi anakwera mpaka pabenchi panja panati zii. "Ndiye munaona ngati nkhope ya mwana ndi mpendero wa diresi? Ndikufunsani pamaso pa adokotala: ndani wachotsa ulusi?"

Kasingano anatsegula maso. Pakhomo panali mitu ya anthu osuzumira. Pakati pawo anazindikira mayi wina wogulitsa mabuku pafupi ndi geti la sukulu yawo.

Mayi ake anamuyang'ana. Anayang'ananso anthu a pakhomo aja. Kenaka anachotsa tepi m'khosi, n'kuyamba kuipinda pang'onopang'ono.

"Ndine," anatero.

Anesi anawomba m'manja kamodzi. "Munthu wamkulu! Mayi wobereka! Ndinataya nthawi yanga kukuonetsani kasinthidwe ka pulasitala, inu muli ndi maganizo anuanu. Mwana akanachita yekha ndikanati ndi chibwana. Koma inu? Mukudziwa kuti matenda a pa tsaya amatha kukwera mpaka kudiso? Mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina pano. Mwamulemba chizindikiro mwana wanu ndi dzanja lanu. Akamadzadziyang'ana pagalasi azidzakumbuka inu. Ndipotu nkhani ngati iyi sitiisiya m'chipinda muno. Pali ofesi yoona za ana, ayenera kumva."

Mayi ake anangoweramitsa mutu. Kasingano anali asanawaonepo ataweramira munthu choncho, mayi amene ankabweza makasitomala amwano pakhomo osaphethira.

Adokotala sanalowerere. Nthawi yonseyi sankayang'ana mayiwo. Ankayang'ana manja a Kasingano, amene anali atafinya nsalu ya pabedi mpaka mitsempha kuonekera.

"Anesi, zakwana," anatero. "Mayi, tatidikirani panja pang'ono. Inunso anesi. Ndikufuna ndilankhule ndi mwanayu payekha."

Mayi ake anafika pabedi n'kumukonza kolala. Anawerama ngati akufuna kumupukuta misozi, n'kumunong'oneza: "Usanene kanthu. Ine ndakula kale."

Anatuluka. Chitseko chinatsekedwa, koma chinali chopyapyala. Kasingano anamva benchi ikulira, anthu akusendera kutali kuti asakhale pafupi ndi mayi ake. Anamvanso mawu a munthu wina, osabisa n'komwe: "Ndi amenewa. Telala wa pamsewu uja. Ati wang'amba mwana wake nkhope."

Adokotala anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Tsopano tatsala awiri," anatero. "Zimene anena mayi akozi, n'zoona?"